Mabowo a Pansi pa Mpanda

Mpanda wa pakati pa a Nebert ndi a Hamdani ku Area 9 anaumanga limodzi, wina kugula njerwa, wina kubweretsa simenti. Unali ndi zinthu ziwiri zimene mipanda yambiri ya mu Lilongwe ilibe. Choyamba chinali kachitseko kachitsulo, kongokwana munthu mmodzi atanyamula mbale. Chachiwiri chinali mabowo m'munsi mwake, pamzere woyamba wa njerwa, oti madzi a mvula azidutsa. Puloti ya a Nebert inali kumtunda, ya a Hamdani kumunsi. Madzi ankachokera kumsewu wa kumtunda, kudutsa pabwalo la a Nebert, kulowa m'mabowomo, kuyenda m'kangalande ka kuseri kwa khitchini ya mayi Zubeida, akazi a a Hamdani, mpaka kukagwera m'ngalande yaikulu yopita kumtsinje. Anayenda choncho zaka zambirimbiri popanda wodandaula.

Amuna awiriwa anali pa ubwenzi wa ponda apa nane m'pondepo, moti ife okhala nawo mzere umodzi tinkachita nawo nsanje. A Nebert anali a ku Mitundu, mkulu wa mpingo, ndipo anakalambira m'maofesi a boma ku City Centre. Ngakhale atapuma ntchito sankatuluka pageti opanda tayi. A Hamdani anabadwira ku Old Town, anayamba ndi kukhoma ndowa ndi mbaula m'mbali mwa msika, mpaka anadzakhala ndi sitolo yawoyawo ya zitsulo ndi simenti. Anali munthu wa manja okhakhala ndi mawu ochepa. Lamlungu lililonse a Nebert akabwera kutchalitchi ankavula tayi, kunyamula bawo, n'kudutsa pakachitseko. Pa Idi mbale ya mpunga wa nyama inkakwera kumtunda. Pa Khirisimasi a Hamdani ankabwera ndi mpeni wawo kudzazinga mbuzi ya a Nebert, kuti nyamayo nyumba zonse ziwiri zidye. Mayi Consolata, akazi a a Nebert, anali ndi poto wapadera amene sanalawepo nkhumba chigulireni, wophikira aneba, ndipo mwana wogwira poto ameneyo ankaona zakuda.

Ukanakhala kuti ubwenziwu unatha ndi ndewu bwenzi zili bwinoko. Ndewu ife timaidziwa, timaitana akuluakulu, timakhala pansi, yatha. Uwu unatha ndi ulemu, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka ndikauganizira.

Chaka chimenecho kumudzi kwa a Nebert kunagwa chigodola, matenda aja opululutsa nkhumba khola lonse. Shadrick, mwana wawo wamwamuna, anali ataika mtima wake wonse pa ulimi wa nkhumba. Tsiku lina mu Seputembala anatulukira ndi kalole, kumbuyo ataphimba tenti, tentiyo ikugwedezeka yokha.

"Adadi, zatsala ziwiri zokha. Zikangokhala kumudzi ndiye zapita basi," anatero Shadrick. "Ndi za masiku ochepa izi, ndikupanga pulani ya malo ena."

"Iwe, kuno ndi ku Area 9. Waiwala amene tayandikana nawo?"

"Ankolo sadziwa, adadi. Tiziika kuseri kwa boyizikota, kukona uko. Fungo silifika n'komwe."

Kukonako kunalidi kobisika. Kunalinso pafupi ndi mpanda, pamalo otsika kwambiri a puloti yonse, pamene madzi amasonkhana asanalowe m'mabowo. Koma mu Seputembala ndani amaganiza za madzi? Lilongwe amakhala fumbi lokhalokha, munthu ukachoka kumsika umalavula dothi. A Nebert anayang'ana nkhope ya mwana wawo, anayang'ana mpanda, n'kulola.

Mayi Consolata ndiwo sanalole.

"Bambo a Shadrick, pitani mukawauze anzanu. Mawu ake ndi ochepa. 'Achimwene, mwana wabweretsa nkhumba, titani?' Basi. Akakuyankhani ngati munthu."

"Ndikawauze kuti ndaika nkhumba pamphuno pawo? Munthu woswali tsiku lililonse? Ndingawayang'ane bwanji kumaso? Siyani, zichoka zisanadziwike."

Koma nkhumba si singano yoti n'kubisa m'thumba la jekete. M'mawa woyamba womwe zinalira, kulira kwake kuja kokhala ngati munthu akuzipha kumene pamene zikungofuna madeya. Kutsidya kwa mpanda mayi Zubeida anasiya kusesa.

"Bambo a Ikram, mwamva?"

"Ndamva," anayankha a Hamdani.

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Ngati akubisa ndiye kuti akuchita manyazi. Ndikawafunsa ndiwavula. Munthu wamkulu ngati uja sitichita naye choncho. Adzanena okha."

Bawo anapitirira. Kungoti a Nebert anayamba kubwera ndi kawailesi, munthu amene moyo wake wonse ankati wailesi imasokoneza maganizo pamasewera. Nkhumba ikalira iwo ankakweza mawu a wailesi, kapena kutsokomola mokokomeza ngati atsamwa. A Hamdani maso ankangokhala pabawo.

"Sewerani, achimwene, ndi inu," ankatero mofatsa.

Nkhalamba ziwiri zanzeru zawo, ina kunamizira kuti palibe chimene yabisa, ina kunamizira kuti ndi yogontha. Zinali zoseketsa ndithu, ndipo akazi awo ankaseka akakumana pakachitseko, ngakhale kusekako kunali kowawa. Masiku ochepa a Shadrick aja anakula. Mu Okutobala nkhumba yaikazi inaswa, ndipo kulira kwa tiana take wailesi sinathenso kukuphimba.

Lilongwe wa masiku ano si uja amene awiriwa anamangira mpanda wawo. Kumtunda kwa msewu wathu kale kunali dambo. Mvula ikagwa madzi ankakhala pamenepo, kumalowa pansi pang'onopang'ono, achule akuimba. Lero kuli nyumba zosanja zokhazokha, iliyonse ndi bwalo la konkire kuti galimoto isaponde matope, iliyonse ndi chimpanda chake. Aliyense amalozetsa paipi kumsewu n'kutseka geti, ngati madziwo akangotuluka pakhomo pake ndiye kuti afika kwawo. Ngalande za m'mbali mwa msewu zinadzaza majumbo, mabotolo ndi matewera a ana, ndipo wotaya zimenezo ndi ife tomwe, tisanamizire wina. Ngakhale Shadrick anali atathira konkire theka la bwalo la bambo ake, ati kapinga ndi zachikale.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, yamphamvu koma yosakhalitsa. Inatsuka khola lonse la nkhumba bwinobwino, n'kutengera zotsukazo kumene madzi ankapita kale. A Hamdani pobwera kusitolo anazungulira kuseri, pampopi pamene ankasamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi asanaswali. Anapeza kangalande katasefukira. Ndowe za nkhumba zinali pamwala woimapo, m'bedi la mpiru la akazi awo, mpaka patsinde la khitchini. Anaima nthawi yaitali, patapata ali m'manja.

"Lero ndiye mupita," anatero mayi Zubeida.

"Ndikanene chiyani? Kuti andithira nyansi pakhomo? Mawu amenewo akatuluka sindingathe kuwabweza."

"Ndiye ndipita ndine kwa amake Shadrick."

"Ayi. Ndikonza ndekha mwakachetechete, popanda wokhumudwa."

M'mawa mwake anasakaniza simenti m'wilibala n'kumata mabowo onse, limodzilimodzi, mwaukhondo monga ankachitira ntchito iliyonse. M'maganizo mwawo nkhaniyo inali yowongoka. Anzawo akaona mabowo atsekedwa adziwa kuti chinsinsi chatha, achotsa nkhumba, iwo atsegula mabowo, ndipo Lamlungu akhala pabawo palibe amene wanena mawu oipa kwa mnzake. Kwa iwo kumata kuja kunali kulankhula mwaulemu.

A Nebert sanakumve choncho. Mvula yotsatira itagwa anapeza kukona kuja kuli thamanda, tiana ta nkhumba tikusambira. Anawerama, anapisa dzanja m'bowo, n'kukhudza simenti youma.

"Munthu amene timadya mbale imodzi!" anakalipa ali pakhomo la khitchini, matope mpaka m'mawondo. "Kunditsekera madzi ngati ndine mlendo wobwera dzulo? Osabwera n'komwe kudzandiuza?"

"Inu munapita kukawauza?" anafunsa mayi Consolata.

Funsolo silinawafewetse mtima. Chimene chinkawawotcha si madzi. Chinali kudziwa kuti Malamlungu onse aja ankakweza wailesi ndi kutsokomola, mnzawo ankadziwa zonse, akungowayang'ana. Manyazi anawakulira mpaka anasanduka mkwiyo. Anavala tayi, anapita ku Old Town, n'kugula simenti m'sitolo ina yoyang'anana ndi ya a Hamdani, chinthu chimene sanachitepo chiyambire kudziwana. Lisanalowe dzuwa mzere wonse wa masitolo unali utamva. Tsiku lotsatira kachitseko kanazulidwa, ndipo pamalopo panaikidwa njerwa zatsopano zofiira, zooneka ngati chipsera pampanda wakale.

Chiyambire pamenepo, kuti munthu achoke kwa a Nebert kupita kwa a Hamdani, ankayenera kutuluka pageti, kuzungulira kumsewu, n'kukagogoda pageti lina ngati wogulitsa makala. Palibe mwa awiriwa anachita zimenezo. Akakumana panjira ankatsitsa galasi la galimoto.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Tadzuka bwino, kaya inu?"

"Tadzuka bwino. Kunyumba?"

"Onse ali bwino."

Galasi n'kukweranso. Munthu wongoona akanati koma ndiye anthuwa amalemekezana. Akazi awo ankavundikira ndowa m'munsi mwa mpanda, wina uku wina uko, n'kukwerapo kuti aonane nkhope. Ankapatsirana mchere ndi anyezi pamwamba pa njerwa, n'kumadandaulirana kuti amuna awo akalamba zoipa. Aliyense ankalonjeza kuti amuna ake afewa posachedwa. Pansi pa ndowa ya mayi Consolata panali matope osauma. Madzi ankaima kumbali yawo mvula iliyonse, n'kumalowa m'njerwa. Mpanda unayamba kuda m'munsi, ndere zinamera, ndipo kamng'alu kanakwera kuchokera pamene panali kachitseko.

Tsiku la Khirisimasi a Nebert anamangirira mbuzi pamtengo wa mango monga mwa nthawi zonse. Anakhala pakhonde maso ali kugeti, akuti m'mtima, zaka zonsezi sindinawaitanepo, amabwera okha, ngati akadali mbale wanga abwera. Kutsidya a Hamdani anali atanola mpeni m'mamawa, atavala mkanjo woyera, atakhala pakhonde lawo maso ali pafoni, akuti chaka chino sindingangolowa, andiitane. Dzuwa linafika pamutu. Pamapeto pake mbuzi anaizinga Shadrick, ndipo poto wapadera uja sanatsike pamsomali.

Madzulo ake mayi Consolata anaika chakudya patebulo koma iwo sanakhale pansi.

"Ine ndatopa, bambo a Shadrick. Ndatopa kucheza ndi mnzanga pamwamba pa mpanda ngati mbava. Miyendo yanga ndi yodwala kale, ndizikwera ndowa mpaka liti? Mwawina chiyani? Taonani nyama yonseyi, ndani adye?"

A Nebert anakankhira mbale kumbali. Anadziwa kuti akumusowa mnzawo kuposa mmene akumukwiyira. Koma munthu wa tayi safuna kupita kukapepesa nkhumba zikulirabe kumbuyo kwake. Anaganiza zoti ayambe wachotsa chimene chinabweretsa mavuto, kenako apite manja ali oyera. Anadikira mpaka kumudzi kunamveka kuti chigodola chatha. Apo n'kuti Januwale ali pakati, mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse, nthaka itakhuta.

Anasankha Lachisanu, tsiku limene a Hamdani ndi akazi awo ankalawirira ku Old Town n'kubwerako itatha swala ya kumzikiti. Ngakhale kuchotsa nkhumbazo ankafuna kuti kuchitike mobisa, ngati sizinakhaleko. Kalole kanabwera, iwo ndi Shadrick anakweza nkhumba zonse ndi ana omwe, n'kuphimba tenti. Asanakwere anakokera akazi awo pambali.

"Musawauze amake Ikram. Ndikawauza ndekha achimwene, ndi pakamwa panga. Ndikangobwera madzulo ano ndizungulira kugeti kwawo. Mawa tigumula njerwa zija, kachitseko kabwerere."

Mayi Consolata anaseka, kuseka kwenikweni kumene anali atakuiwala. Atangochoka amuna awo anatsitsa poto uja pamsomali n'kumutsuka.

Mvula inayamba masana, a Hamdani atangolowetsa galimoto pageti lawo. Kumwamba kunada bii, moti ena anayatsa magetsi, ndipo magetsiwo sanachedwe kuzima. Sinali mvula ya mphepo kapena ziphaliwali zambiri. Inangotsika mowongoka, yolemera, yosapuma. Mabwalo onse a konkire a kumtunda anakhuthulira madzi awo mumsewu nthawi imodzi. Ngalande zodzaza majumbo zija zinakana, msewu unasanduka mtsinje wofiira, ndipo mtsinjewo unapeza geti la a Nebert, unalowa pansi pake, unatsetsereka pakonkire wa Shadrick, n'kukagunda mpanda wopanda bowo ngakhale limodzi.

Mayi Consolata anali okha m'nyumba. Poyamba anatseka pansi pa chitseko ndi masaka. Kenako anayamba kukweza zinthu pabedi. Madzi atafika m'mawondo anayesa kupita kugeti, koma mphamvu yake inawabweza. Anabwerera kukhitchini, anakwera patebulo movutikira, n'kutsegula zenera loyang'ana kumpanda. Bwalo lonse la kuseri linali dziwe. Khola lopanda kanthu lija linali litamira, matabwa ake akuyandama pamodzi ndi zonse zotsala m'menemo.

"Amake Ikram!" anakuwa. "Amake Ikram, ndikufa kuno! Madzi!"

Anakuwa mpaka mawu anasasa, osadziwa ngati pali wakumva, chifukwa phokoso la pamalata linali logonthetsa m'kutu. Kenako anamva china pansi pa phokosolo. Khoo. Khoo. Khoo. Inali nyundo ikumenya tchizulo, kumbali ina ya mpanda, kumenya kwa munthu amene wagwira nyundo moyo wake wonse. Patapita kanthawi madzi a kukona anayamba kuzungulira ngati mmene amachitira m'sinki ukachotsa chotsekera. Bowo limodzi linali latseguka. Nyundo inasunthira patsogolo n'kuyambanso.

Ali pazenerapo mayi Consolata anaona chimene munthu wowerama kutsidyako sakanatha kuona. Pamwamba pa mpanda panali patapindika. Kamng'alu kaja kanali katayasama, madzi akutulukira m'menemo.

"A Hamdani! Chokanipo! Mpanda ukugwa! A Hamdani!"

Khoo. Khoo. Bowo lachiwiri linatseguka. Nyundo inayamba lachitatu.

Mpanda wa njerwa zonyowa miyezi iwiri, madzi ofika m'chiuno akuukankha, sugwa pang'onopang'ono. Unagona wonse kamodzi, kuchokera kukona mpaka panjerwa zatsopano zija. Madzi a m'nyumba ya a Nebert anatuluka mothamanga, mipando ikuwatsatira pakhomo. Mayi Consolata anatsala patebulo ali moyo, akuyang'ana molunjika m'bwalo la anzawo, kumene mayi Zubeida anali atagwada m'madzi akufukula njerwa ndi manja.

Amuna a mumzere wathu anathamanga, anawatulutsa a Hamdani akupumabe, n'kuwaika m'galimoto. Koma tsiku limenelo misewu ya mu Lilongwe inali yoti galimoto iyende pang'ono iime, ibwerere, ifune njira ina. Anatsirizika asanafike kuchipatala.

Nthawi imeneyo a Nebert anali ataima m'mbali mwa kamtsinje kena kumbali ya Mitundu. Nkhumba anali atazitsitsa bwinobwino kumudzi, ndipo pobwerera m'kalole ankayeserera mawu okanena, milomo ikugwedera yokha, Shadrick akunamizira kuti sakuona. Anapeza kamlatho kamene anawoloka m'mawa kulibe, patangotsala zitsa. Foni inalira ali pomwepo. Anamvetsera akazi awo mpaka kumapeto, n'kukhala pansi m'matope, tayi ili pakhosi.

Kutacha madzi anali asanaphwe. Anthu anadzaza mbali zonse ziwiri, a njinga za makala, amayi a madengu a tomato, onse akungoyang'ana. A Nebert anachonderera anyamata odziwa kusambira kuti awawolotse. Onse anakana, ndipo anachita bwino, chifukwa m'madzimo munkadutsa mitengo yathunthu ndi mizu yomwe. Dzuwa litakwera foni inaliranso. Anali Ikram, mwana wamkulu wa a Hamdani.

"Ankolo, muli pati?"

"Ndikadali pamtsinje, mwana wanga. Sakuphwa."

"A Shehe akuti tiika ikangotha swala ya masana. Ndinayesa kupempha kuti tikudikireni, koma mwambo wathu mukuudziwa. Maliro sagonera kawiri."

"Ndikuudziwa. Ikani, Ikram. Musawadikiritsenso chifukwa cha ine."

Anakhala pamenepo akuyang'ana mthunzi wawo ukufupika. Utafika pansi pa mapazi awo anadziwa kuti ku Old Town anthu akutuluka mumzikiti, atanyamula mnzawo pamapewa, akulandizana monga amachitira, aliyense kusenzako pang'ono. Amuna ogulitsa nawo zitsulo asenzako, makasitomala asenzako, ngakhale mwini sitolo ija anagulako simenti asenzako. Phewa limodzi lokha ndi limene linasowa. A Nebert analira mokweza ngati mwana, anthu osawadziwa akuwayang'ana, ndipo sanasamale.

Anawoloka chakumadzulo atagwira chingwe, madzi ali pachifuwa, n'kukwera minibasi, Shadrick atatsala ndi kalole kutsidya. Pofika mumzinda anapeza kuti tsoka silinagwere nyumba imodzi. Kumunsi kwa msika wa ku Old Town mtsinje wa Lilongwe unali utakokolola mabenchi ndi timilatho tamatabwa, anthu akutola malata m'matope. M'madera a m'mbali mwa mitsinje mabanja anali atasonkhana m'masukulu ndi m'matchalitchi. Wailesi ya m'minibasi inkalangiza anthu kuti agwape ngalande ndi kusiya mabowo m'mipanda yawo. A Nebert anapempha kondakitala kuti aitsitse mawu.

Kunyumba sanafunikire kuzungulira kugeti. Anadutsa pabwalo lawo, anaponda njerwa zogumuka, n'kupezeka ali kale kwa a Hamdani. Amuna anali atakhala pamikeka pakhonde. Ikram anadzuka, anawagwira dzanja, n'kupita nawo pakhomo la chipinda china pamene panali patapachikidwa chitenje. Mkazi wachisilamu amuna ake akamwalira amabindikira, saonana ndi amuna akunja. Mayi Zubeida anali kuseri kwa chitenjecho, mayi Consolata ali pambali pawo.

"Amayi, ankolo afika," anatero Ikram.

A Nebert anagwada pansi. Mawu onse amene anayeserera m'kalole anali okanena kwa munthu wamoyo, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linakwanira pamenepo.

"Alamu," anayamba, "nkhumba zija ndinachotsa dzulo m'mawa. Ndimabwera kudzawauza. Kodi anadziwa?"

"Sanadziwe," anayankha mayi Zubeida. Mawu awo anali otopa, opanda ukali. "Titamva amake Shadrick akukuwa, anatenga nyundo. Ine ndinawagwira mkanjo. Ndikuuzeni zoona, alamu, sindinaganize za mpanda. Ndinati, bambo a Ikram, madzi amenewo ndi a m'khola, akuthirani thupi lonse, kumaso, m'kamwa. Iwo anandichotsa dzanja. Anati, 'Mlamu wanga ali yekha m'nyumba. Tikasamba pambuyo pake.'"

Chitenje chinagwedezeka pang'ono, ndipo mayi Zubeida anapitiriza.

"Awasambitsadi lero m'mawa anzawo a kumzikiti. Akuti anayera bwinobwino."

A Nebert anakhala chogwada mpaka Ikram anawadzutsa. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti awaperekeze kumanda dzuwa lisanalowe.

Manda ake anali mulu wa dothi lofiira lonyowa, opanda nkhata, opanda maluwa, mapazi a anthu ambiri atapondaponda mozungulira. Ikram anaima chapatali. A Nebert anamasula tayi yamatope ija n'kuiika m'thumba, monga ankachitira Lamlungu popita kubawo. Ananjuta pambali pa muluwo, anakonza pakhosi, n'kulankhula motsitsa.

"Achimwene," anatero, "mwana wabweretsa nkhumba. Titani?"